Kukaona tchalitchi chakale cha All Saints ku Nkhotakota: kodi wa mpingo wina angalowe?

Funso: Ndine mayi wa ku Salima, ndimapemphera ku CCAP. Tchuthi chikubwerachi ndikufuna kutenga ana anga awiri ndi mwana wa mlamu wanga, yemwe ndi Msilamu, kuti tikaone tchalitchi chakale cha Anglican ku Nkhotakota. Anawa anaphunzira za Livingstone ndi Jumbe kusukulu koma sanapondeko. Kodi anthu a mpingo wina amaloledwa kulowa? Amalipiritsa? Nanga sikupeputsa nyumba ya Mulungu kupitako kongokaona, osati kukapemphera?

Yankho: Mayi, pitani, ndipo mwana wa mlamu wanuyo musamusiye. Tchalitchi mukunenacho ndi All Saints, chomwe chili pamishoni ya Anglican pamodzi ndi chipatala cha St Anne's. Ndicho tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Lake Malawi, mmene muli mpando wa bishopu, ngakhale maofesi a dayosiziyo ali ku Lilongwe. Alendo amalandiridwa, ndipo palibe amene adzakuimitseni pakhomo kuti muonetse kalata ya ubatizo.

Funso lanu lomaliza ndilo landigwira mtima, chifukwa anthu ambiri opita kumalo oterewa saliganizira n'komwe. Kuona sikulakwa. Amene anamanga tchalitchicho anafuna kuti chioneke, ndipo Akhristu a pamenepo amanyadira mlendo akachita chidwi ndi mbiri yawo. Chimene chimawapweteka ndi kalowedwe. Mukafika pakhomo pa munthu simuyamba n'kusuzumira kuchipinda, mumayamba ndi odi, mwininyumba akulonjereni, munene chimene mwadzera. N'chimodzimodzi pa All Saints. Mmenemo anthu akubatizabe ana, akumangitsabe maukwati, akuperekezabe maliro. Choncho mukatsika kabaza musalunjike pachitseko cha tchalitchi. Funsani kumene kuli ofesi ya parishi kapena nyumba ya ansembe, perekani moni, nenani kuti mwachokera ku Salima ndi ana ndipo mukufuna kuona tchalitchi ndi kumva mbiri yake. Kawirikawiri amakupezerani munthu woti ayende nanu. Munthu ameneyo ndiye theka la ulendo wanu, chifukwa zambiri zimene muyenera kuona sizidzilengeza zokha.

Koma musanakwere minibasi, anawo adziwe kaye chifukwa chake tchalitchi chili pamalo amenewo osati pena. Mwana amene sakudziwa zimenezi adzangoona makoma ndi mabenchi, n'kuyamba kufunsa za nsomba ya nkhomaliro.

Cha m'ma 1840 kunafika munthu wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere, dzina lake Salim bin Abdallah. Anapempha malo kwa mafumu a Achewa a dera la Malengachanzi, anamupatsa, ndipo pang'ono ndi pang'ono mlendoyo anakula mphamvu kuposa eni nthaka, pakuti anali ndi mfuti, nsalu ndi mikanda. Iye ndi amene analowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Nkhotakota ili ndi doko labwino lobisika ku mafunde, ndiye linasanduka powolokera minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda, ena ochokera kutali kumadzulo, ankasonkhanitsidwa pamenepo, n'kukwezedwa m'zombo zamatanga kuwolokera tsidya la kum'mawa, kenako n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, doko la kugombe la nyanja ya mchere. Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathuyi ankadutsa ku Zanzibar chaka chilichonse. Chiwerengerocho n'cha dera lonse la nyanja, si cha Nkhotakota yokha, ndipo sichiphatikiza amene anafera m'njira.

Livingstone anadutsa m'derali pabwato mu 1861, n'kubweranso wapansi mu September 1863. Ulendo wachiwiriwu anapeza chombo china chikukhomedwa pagombe, choti chizinyamula anthu. Anakumana ndi Jumbe wa nthawi imeneyo n'kulankhula naye za malondawa. Mkuyu umene anthu amauloza pamishoni monga pamene Livingstone anakhala ulipobe, ndipo ndikulangizani kuti muyambire pamenepo musanalowe m'tchalitchi. Anawo aime patsinde, ayese kulizungulira atagwirana manja, aone mizu mmene yatukulira nthaka, awerenge okha chikwangwani mokweza. Mungadzamvenso kuti m'tauni muli mtengo wina umene nawonso amautchula dzina la Livingstone. Zisakusokonezeni, kaoneni yonse ngati nthawi ilipo.

Apa pali chinthu chimene ndimafunitsitsa kuti ana asamve molakwika. Nkhani imakambidwa kawirikawiri ngati Livingstone anangolankhula pansi pa mtengo, Jumbe n'kuvomera, ukapolo n'kutha tsiku lomwelo. Sizinatero. Zombo zinapitiriza kuwoloka kwa zaka pafupifupi 30 pambuyo pa kukumanako. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, dziko linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, ndipo malonda a anthu panyanjayi anatha m'zaka zotsatira, kwina ndi mapangano, kwina ndi mizinga. Jumbe womaliza boma la atsamunda linamuchotsa pampando n'kumutumiza ku Zanzibar panthawi imene mishoni ya ku Nkhotakota inali itangoyamba kumene. Amene analankhula pansi pa mkuyu ndi amene anagwetsa ufumu wa Jumbe ndi anthu osiyana, a mibadwo yosiyana.

Ntchito yeniyeni ya Livingstone pa nkhani ya tchalitchichi inachitikira kutali. Mu December 1857 analankhula ku yunivesite ya Cambridge, kupempha achinyamata a kumeneko kuti apite ku Africa. Mawu amenewo ndiwo anabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika kuti UMCA, lomwe ndilo kholo la mpingo wa Anglican m'dziko muno. Gulu loyamba linafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Zinawavuta: nkhondo, njala, malungo. Mackenzie anamwalira mu January 1862, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar. Anabwereranso kunyanja patapita zaka zoposa 20, kudzera kum'mawa, n'kukhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885. Kuchokera ku Likoma ndiko anawolokera ku Nkhotakota mu 1894. Wansembe amene anatsegula mishoniyi anali Arthur Fraser Sim. Taganizirani, mayi: kuyambitsa tchalitchi m'tauni ya Jumbe, pakati pa anthu amene ambiri anali kale Asilamu, pafupi ndi doko lomwe anthu ankakwezedwerapo m'zombo. Malowo sanawasankhe mwangozi.

Tsopano za manda amene alendo ambiri amadzera. Chauncy Maples anabadwa mu 1852, anabwera ku Africa mu 1876, n'kugwira ntchito zaka zambiri ku Masasi ndi ku Likoma. Mu June 1895 anadzozedwa ku London kukhala Bishopu wa Likoma, ndipo ananyamuka kubwerera kuntchito. Atafika kumwera kwa nyanja sanafune kudikira, anakwera bwato lachitsulo lamatanga lotchedwa Sherriff kulowera kumpoto. Njira ya pamadzi yochokera ku Monkey Bay kupita ku Nkhotakota imadutsa kunyanja kwanu komweko ku Salima, ndipo ndi panjira imeneyi pamene mphepo inawapeza usiku wa pa 2 September 1895. Inu a kunyanja mukudziwa mmene madzi amasinthira mphepo ikauka. Bwato linagubuduzika. Amalinyero achikuda anasambira n'kufika kumtunda, koma bishopu, amene anali atavala mkanjo wake wautali, anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Anali ndi zaka 43, ndipo pampando wake wa ubishopu ku Likoma sanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Mtembo wake unapezeka patapita masiku, n'kutengeredwa ku Nkhotakota, kumene anauika. Sim, amene anaulandira, nayenso anamwalira pa 29 October chaka chomwecho, pasanathe miyezi iwiri.

Manda a Maples ali m'tchalitchi cha All Saints, ndipo wokuyendetsaniyo adzakuonetsani. Ana a ku CCAP zimenezi zidzawadabwitsa, pakuti ife tinazolowera kuti manda ali ndi malo ake kunkhalango, kumene mwana sapitako wamba. Achenjezeni muli panjira kuti asadzidzimuke kapena kuseka ndi mantha. Ndi mwambo wakale wa matchalitchi a ku Ulaya kuika atsogoleri awo mkati mwa nyumba yopemphereramo. Asapondepo, asakhalepo, asatsamirepo pojambulitsa. Aime, awerenge dzina ndi zaka, awerengere okha kuti munthuyo anakhala ndi moyo zaka zingati. Ngati anamvapo za sitima yakale ya Chauncy Maples ya ku Monkey Bay, auzeni kuti mwini dzina ndi ameneyu. Sitimayo inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa, pa mbali ina ya njira zitasenzedwa pamitu ya anthu, n'kulumikizidwa kuno ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1901 monga sitima ya mishoni.

Chimene chimandiwawa n'chakuti alendo ambiri amatuluka mmenemo ali ndi maina a azungu okhaokha. Sim anakhala ku Nkhotakota chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Maples anafikako ali mtembo. Nanga mpingo unakula bwanji mpaka kukhala waukulu chonchi? Unakula ndi aphunzitsi achikuda ochokera ku Likoma ndi kutsidya, amene ankatsegula sukulu m'midzi, kuphunzitsa kuwerenga, kutsogolera mapemphero wansembe kulibe. Unakula ndi amisiri amene anaumba njerwa ndi kusema matabwa, ndi amayi amene anatunga madzi omangira. Ambiri mwa iwo maina awo sali pakhoma lililonse. Mmodzi amene dzina lake linasungika ndi Leonard Kamungu, amene anadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909, kenako n'kupita kukatumikira ku Msoro, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, komwe anamwalira mu 1913. Sukulu ya ansembe ya Anglican ku Zomba inatchedwa dzina lake. Ndipo ana anu amve dzina la Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican. Anadzozedwa mu 1965, n'kumakhala ku Nkhotakota komweko, ndipo pamene Dayosizi ya Lake Malawi inkakhazikitsidwa mu 1971 iye ndiye anali bishopu wake woyamba. Kuchokera 1894 kufika 1965 ndi zaka 71. Amishoni anachita zazikulu, sukulu ndi zipatala zikuchitira umboni, koma pa nkhani yopereka mpando kwa eni dziko anachedwa kwambiri, ndipo palibe chifukwa chobisira ana zimenezo.

Ndiye mukakhala ndi wokuyendetsaniyo, musangofunsa za Livingstone, zimenezo anazinena kambirimbiri ndipo adzangozilakatula. Mufunseni kuti agogo ake anabatizidwira mmenemo kodi, anawabatiza ndani, sukulu yoyamba inali pati, mbali iti ya nyumbayo ndi yakale ndipo iti inaonjezeredwa. Mudzaona nkhope yake ikusintha. Pamenepo m'pamene mudzamve zimene sizili m'buku la kusukulu.

Mkatimo musathamange. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani kaye pabenchi lakumbuyo mphindi zingapo, maso azolowere, thukuta la panja liume. Kenako yendani pang'onopang'ono kulowera kutsogolo. Onani pobatizira, onani pomwe amawerengera Mawu ndi polalikira, werengani zolembedwa zilizonse zokumbukira anthu. Funsani kuti mpando wa bishopu ndi uti, chifukwa mpando umenewo ndiwo umasiyanitsa tchalitchichi ndi matchalitchi ena onse a m'dayosizi. Kutsogolo kwenikweni, kumene kuli guwa, musakwereko pokhapokha atakuuzani. Anglican ya kuno inachokera ku UMCA, yomwe inali ya mwambo wofanana kwambiri ndi wa Akatolika, ndiye guwa amalipatsa ulemu waukulu. Mudzaona eni ake akuweramitsa mutu kapena kupinda bondo podutsa patsogolo pake. Inu simukakamizidwa kutero, koma ana asamathamange pamenepo, asakhudze nsalu za paguwa, makandulo kapena ziwiya. Ngati muona kanyali koyaka chakutsogoloko masana, dziwani kuti pasungidwa mkate wodalitsidwa, ndipo tsitsani mawu.

Zovala n'zomwe mukanavala popita kwanu ku CCAP. Tengani chitenje m'chikwama, chidzagwira ntchito kawiri monga ndifotokozere. Anyamata avule zipewa polowa, foni zikhale chete, chimanga chootcha ndi mabotolo a zakumwa zitsale panja.

Tsiku liti? Zimatengera chimene mukufuna. Pakati pa sabata m'mawa ndi nthawi yabwino yoona nyumbayo mwakachetechete ndi kufunsa mafunso. Loweruka mungapeze ukwati, kapena amayi akusesa ndi kukonza maluwa, kapena kwaya ikuyeserera, ndipo zimenezonso n'zokoma kuona bola muime pambali. Mukapeza maliro, ulendo wa m'tchalitchi uimitseni, kakhaleni pansi pa mkuyu kapena tsikirani kunyanja, mubwerenso anthu atabalalika. Koma mukandifunsa ine, ngati mungathe kugona kumeneko, khalaponi pa Misa ya Lamulungu. Nyumbayo anaimangira kuti mukhale anthu, ndipo mumaimvetsa bwino ikadzaza: amayi a Mothers' Union mu yunifolomu yawo yoyera ndi yabuluu, anyamata otumikira kuguwa atanyamula mtanda, mpingo wonse ukuyankha mapemphero ndi mawu amodzi. Khalani chakumbuyo, imani anthu akaima, khalani akakhala. Za Mgonero musangotsatira mzere. Ngati mukufuna kulandira, lankhulani ndi wansembe Misa isanayambe, ndipo ngati simunatero ingokhalani pamalo panu, palibe amene adzakuyang'aneni ndi diso loipa. Pa 1 November ndi tsiku la Oyera Mtima Onse, lomwe ndilo dzina la tchalitchichi, ngati mungadzafune kubweranso panyengo ya chikondwerero chake.

Za mwana wa mlamu wanu ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ulendowu ungakome kwambiri kapena kuwawa. Choyamba, makolo ake adziwe bwinobwino kumene mukupita naye ndipo avomere. Auzeni kuti mukukaona mbiri, ndipo ngati mudzakhale pa Misa anene okha ngati mwanayo alowe kapena akudikireni panja ndi wina. Chachiwiri, mwanayo mumuuze kuti sadzafunsidwa kugwada, kuimba kapena kunena chilichonse chosemphana ndi chikhulupiriro chake. Mwina adzafuna kuvula nsapato pakhomo monga amachitira kumzikiti. Muuzeni kuti kuno salamula zimenezo, koma musamuseke, ulemu umenewo ndi wabwino. Ngati amavala kofia, tchulani kwa wokuyendetsaniyo musanalowe. Anthu a ku Nkhotakota zimenezi si zachilendo kwa iwo. Kumeneko banja limodzi limatha kukhala ndi shehe ndi wansembe, ndipo pachipatala cha St Anne's Asilamu ndi Akhristu amagona m'chipinda chimodzi.

Chachitatu ndicho chachikulu. Nkhani ya Jumbe ikakambidwa mosasamala, mwana amatolapo kuti Asilamu ndiwo ankagulitsa anthu, Akhristu ndiwo anawapulumutsa. Ana anuwo akhoza kumuyang'ana msuweni wawoyo mwanjira ina, iye n'kukhala chete ulendo wonse wobwerera. Musalole zimenezo, chifukwa si zoona. Jumbe sankagwira yekha anthu onsewo. Panali mafumu ndi anthu amphamvu a mitundu yathu yomweyi amene ankagulitsa anansi awo, nthawi zina abale awo, posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Kumwera, m'chigwa cha Zambezi, amene ankachita malonda omwewo anali Apwitikizi ndi anthu awo, omwe ankadzitcha Akhristu. Britain yomwe inatumiza amishoni inali itanyamula akapolo m'zombo zake kwa zaka zambirimbiri isanaletse malondawo mu 1807. Ndipo Asilamu ambiri a ku Nkhotakota lero ndi zidzukulu za anthu wamba a m'derali, ena mwa iwo zidzukulu za ogwidwawo. Tchimo limeneli linali la dyera ndi mphamvu, ndipo linalowa m'mitundu ndi m'zipembedzo zonse zimene zinaliyandikira. Anawo amve zimenezi kuchokera pakamwa panu, asanamve zina kwa wina.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti ulendo wanu usathere pamishoni. Tsikirani kutauni yakale kufupi ndi nyanja, kumene kunali likulu la Jumbe. Funsani anthu akuonetseni malo a mzikiti wakale ndi doko. Kumeneko mwana wa mlamu wanu ndiye adzakhale mphunzitsi: iye ndiye adziwa polowera, povulira nsapato, ndi moni woyenera. Inu mudzafunde chitenje chija kumutu, ndipo pemphani chilolezo monga munachitira kutchalitchi. Ngati ndi Lachisanu, pewani nthawi ya masana pamene anthu ali pa Swala. Mukaima pagombe tsiku lopanda nkhungu, lozerani ana mapiri a tsidya lija ku Mozambique, muwauze kuti kumeneko ndiko zombo zinkaloza. Kenako muwaonetse minda ya mpunga, pakuti ulimi wa mpunga umene Nkhotakota imatchuka nawo unakula m'nthawi ya a Jumbe omwewo. Mbiri ya malo amenewa ili choncho, zowawa ndi zimene tikudya lero zinabwera pa njira imodzi. Malo okhudza njira za akapolo ndi maulendo a Livingstone, Nkhotakota ili m'gulu, boma linawapereka ku UNESCO mu 2011 kuti aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.

Za ndalama: tchalitchi si malo a matikiti, koma musapite chimanjamanja. Nyumba yakale imadya ndalama, denga, chiswe, utoto, ndipo amene amazisonkha ndi Akhristu a pamenepo, ambiri a iwo alimi ndi asodzi. Funsani kuofesi ngati pali chimene alendo amapereka. Ngati palibe, siyanibe chopereka chanu m'bokosi kapena kuofesiko, ndipo ngati lilipo buku la alendo lembanimo maina. Wokuyendetsani uja mupatseni yake payekha, mwaulemu, pomutsazika. Ndibwino ndalama ya chopereka muipereke m'manja mwa ana kuti aponye okha.

Zithunzi pemphani kaye. Kawirikawiri saletsa kujambula nyumba, koma munthu amene wagwada akupemphera musamujambule, ndiponso pa Misa foni ikhale m'chikwama pokhapokha wansembe atalola. Kumbukiraninso kuti mishoniyo ili ndi chipatala. Anthu amene mudzawaone atakhala pamithunzi ndi mapoto ndi mabeseni akudikirira odwala awo, ena alandira uthenga woipa m'mawa womwewo. Apatseni moni, koma kamera isaloze kwa iwo, ndipo ana asachite phokoso kufupi ndi zipinda za odwala.

Kayendedwe n'kosavuta kwa inu. Kuchokera ku Salima ndi msewu wa M5 kulowera kumpoto, makilomita opitirira pang'ono 100, kudutsa pa Khombedza, pa Benga ndi pa mlatho wa Chia, pomwe ogulitsa nsomba amathamangira galimoto. Nsombazo mudzagule pobwerera. Nyamukani m'mamawa, chifukwa minibasi imaima paliponse ndipo dzuwa la ku Nkhotakota likakwera ana amafooka msanga. Mukatsika pa boma, akabaza onse amadziwa ku St Anne's. Ngati tchuthi chanu ndi cha December, yambani mwafunsa za msewu kwa madalaivala, popeza mvula ikachuluka mitsinje ya m'njirayi imavutitsa milatho. Miyezi ya May mpaka August ndiyo yozizira bwino poyenda wapansi, ngakhale mwera umakhala ukuwomba. Tengani madzi akumwa okwanira, ndipo ngati mugona, onetsetsani kuti pogonapo pali neti.

Pamishoni ndi kutauni yakale pakufunika maola atatu kapena anayi ngati simukuthamanga. Musaunjikepo zambiri tsiku limodzi. Nkhalango ya Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, ndi ulendo wapawokha wofuna galimoto ndi ndalama zolowera, ndipo mukauphatikiza ana adzangokumbukira njovu. Akasupe a madzi otentha ali pafupi ndi tauni, amenewo mungapatukireko madzulo.

Anawo akadzakonda ulendowu, wotsatira ukhale wa ku Mua, kumwera kwa Salima pa msewu womwewo wa M5, m'boma la Dedza. Kumeneko ndi kwa Akatolika, mishoni inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, ndipo kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, osunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Kumeneko nyumba yosungiramo zakale ili ndi malipiro ake olowera, ndiye mudzakonzekere. Likoma, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter chomwe anayamba kumanga mu 1903, ndi ulendo wa pasitima wofuna masiku angapo, ndipo ndi bwino kuudikira mpaka anawo atakulako.